Mwana Wathu Asawerenge Yekha ku Yunivesite

Mawu amene adalankhula mmodzi wa aphunzitsi a pa madrasa yathu pa msonkhano wa makolo ndi ophunzira, tsiku la Idi.



A Shehe, a Wapampando ndi mamembala onse a komiti ya mzikiti wathu, makolo anga, abale ndi alongo, ndi inu achinyamata amene mwachokera m'masukulu osiyanasiyana kudzadyera Idi kunyumba, ndikuti Idi Mubarak kwa nonsenu. Ndikuthokoza akomiti pondipatsa mpata uno. Ndikudziwa kuti mpunga uli pamoto ndipo ana akungosuzumira kukhomo, choncho sindikuchedwetsani. Koma nkhani imene ndabwera nayo ndi ya m'nyumba mwathu momwe, ndipo ndikupempha kuti mutchere khutu.

Tonse timadziwa chimwemwe chimene chimagwa pakhomo dzina la mwana likatuluka kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite, kaya ndi ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo. Amayi amaimba nthungululu, abambo amayenda mokweza mapewa. Mbuzi imagulitsidwa, matumba a chimanga amatuluka m'nyumba, amalume a ku Joni amaimbiridwa foni, mpaka sutikesi, bulangete ndi fizi zipezeke. Koma pali nkhani ina imene sitiikamba poyera. Patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ena mwa ana omwewo amabwerera mwakachetechete, namakhala m'nyumba osatuluka. Tikafunsa timauzidwa kuti fizi idavuta. Nthawi zina ndi zoona ndithu. Koma nthawi zina mwanayo adalephera mayeso, nalemba obwereza, nalepheranso, mpaka sukulu idamuuza kuti alongedze katundu.

Tsono funso langa ndi ili: mwana amene adakhoza bwino mayeso a MSCE, amene adaposa anzake ambirimbiri kuti apeze malo amenewo, nzeru zake zimathera kuti m'miyezi yochepa chabe? Ine ndikuti nzeru sizitha ayi. Chimene chimasintha ndi kaphunziridwe. Ku sekondale mphunzitsi amamudziwa mwana ndi dzina, amalemba manotsi pabolodi, ndipo akajomba amamufunsa. Ku yunivesite mwana amalowa m'chipinda chachikulu chodzaza ndi anthu, mphunzitsi amalankhula Chingerezi chothamanga kwa ola limodzi, natola mabuku ake, natuluka. Ukamva, mwayi wako. Ukapanda kumva, palibe wodziwa mpaka tsiku la mayeso.

Ndikunena zimene ndidaziona ndi maso anga. Ine ndidali woyamba m'banja mwathu kufika ku yunivesite. Ku sekondale ndinkawerenga ndekha, usiku, ndi koloboyi, ndipo njira imeneyo idandipindulira. Nditafika kumeneko ndidapitiriza chimodzimodzi. Mayeso oyamba a phunziro lina la masamu atabwera, ndidapeza 28 pa 100. Pepalalo ndidalipinda kanayi, ndikulibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Mayi anga ataimba foni ndidati, "Zonse zili bwino, amayi." Ndinkaopa kufunsa mnzanga aliyense, poganiza kuti andiona ngati mbuli ya kumudzi imene idalowa molakwika.

Amene adandipulumutsa sadali mphunzitsi. Adali mnyamata wa chaka chachiwiri, wochokera kumpoto, amene adakhoza phunziro lomwelo chaka chapitacho. Loweruka lililonse m'mawa ankasonkhanitsa anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu m'kalasi yopanda anthu. Tsiku loyamba ndidakhala kumbuyo, kope lili chitsegulire, kudikira kuti atiuze mayankho. Iye adangondipatsa choko nati, "Achimwene, tayambani inu. Pomwe mukakamire tithandizana." Manja adanjenjemera. Ndidalemba mizere iwiri ndikukakamira. Mtsikana wina adaona pomwe ndidasokoneza, mnyamata wina adatsutsa, tidakangana, ndipo pomwe ola limatha funsolo lidali litamasuka. Chimene chidandidabwitsa koposa ndi chakuti onse aja, amene ndinkawayesa akatswiri, nawonso adali ndi mapepala awo obisa m'masutikesi.

Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ndidamuitana kangapo. Ankayankha kuti magulu ndi a anthu ofooka. Adali wanzeru kuposa ine, ndikunena pamaso panu. Chaka chachiwiri bedi lake lidagonedwa ndi munthu wina. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandipweteka.

Pambuyo pake ndidazindikira kuti vuto limeneli si la ife tokha, ndipo anthu ophunzira adalifufuza kalekale. Ku America, pa yunivesite ya California ku Berkeley, kudali mphunzitsi wa masamu dzina lake Uri Treisman. M'zaka za 1975 ndi 1976 adafuna kudziwa chifukwa chimene ophunzira ambiri achikuda ankalepherera masamu otchedwa calculus, pomwe ophunzira a mtundu wa Chitchaina ankakhoza. Aphunzitsi anzake adali ndi mayankho awo: ena ankati ndi ulesi, ena umphawi, ena ankati makolo salimbikitsa. Iye sadakhutire. Adatsatira ophunzira 20 a mbali iyi ndi 20 a mbali inayo, kuona m'mene ankakhalira ndi m'mene ankawerengera. Adapeza kuti achikuda aja sadali aulesi, ndipo makolo awo ankawafunira zabwino. Koma ankawerenga aliyense payekha, chitseko chotseka, monga momwe adazolowerera ku sekondale. Atchaina aja ankayamba awerenga payekha, kenaka madzulo nkukumana, kudyera limodzi, kuonetsana ntchito, kutsutsana ndi kukonzana zolakwa. Wina akasokera, anzake ankamubweza tsiku lomwelo. Treisman adayambitsa magulu oti ophunzira azilimbana ndi mafunso ovuta pamodzi, ndipo ana aja amene ankalephera adayamba kukhoza. Nditamva nkhani imeneyi ndidati, ameneyutu akunena za ine ndi koloboyi wanga.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo kuwerengera limodzi si chinthu chachilendo. Koma tonse tikudziwa kuti gulu la ophunzira likhoza kusanduka bwalo la nkhani za mpira. Nchifukwa chake mayunivesite ena adaikonza nkhaniyi kukhala ndondomeko yokhazikika, yokhala ndi malamulo ake. Yodziwika kwambiri idayamba m'chaka cha 1973 pa yunivesite ya Missouri mumzinda wa Kansas City, komweko ku America. Kumeneko ophunzira ambiri a zaudokotala, za mano ndi za mankhwala ankasiyira sukulu panjira. Mayi wina dzina lake Deanna Martin ndiye adapatsidwa ntchito yopeza njira, ndipo ndondomeko imene adayambitsa imatchedwa Supplemental Instruction, kunena kwake maphunziro oonjezera. Ndikufuna ndikufotokozereni m'mene imayendera, chifukwa nzeru yake ili m'kayendetsedwe.

Choyamba, sasankha ophunzira ofooka ayi. Amasankha phunziro lovuta. Amayang'ana m'mabuku a zaka zapitazo, ndipo phunziro limene ophunzira pafupifupi 30 mwa 100 alionse amalephera, kukhoza mopendekera kapena kulisiya, ndilo amalipatsa gulu. Taonani kusiyana kwake. Mukauza mwana kuti, "Iwe ndiwe wofooka, pita uko ukathandizidwe," sapita, chifukwa manyazi amaposa mantha a mayeso. Koma mukanena kuti, "Phunziro ili limagwetsa anthu chaka ndi chaka, tiyeni tonse," amabwera wanzeru ndi wovutika yemwe, ndipo palibe woloza mnzake chala.

Chachiwiri, wotsogolera gulu ndi wophunzira mnzawo amene adakhoza bwino phunziro lomwelo m'mbuyomu. Si mphunzitsi, sachonga mayeso, ndipo sapereka malikisi. Nchifukwa chake mwana amamasuka kufunsa funso limene akadaopa kufunsa pamaso pa pulofesa. Mtsogoleriyo amayamba waphunzitsidwa kayendetsedwe ka gulu, ndipo pali wogwira ntchito pa yunivesite amene amamuyang'anira. M'ndondomeko yoyambirira ija, mtsogoleri amalowanso m'kalasi pamodzi ndi azing'ono akewo, kumvera ndi kulemba manotsi, kuti adziwe chimene chaphunzitsidwa sabata imeneyo.

Chachitatu, gulu limayamba kumayambiriro kwa teremu, anthu asanagwe, ndipo limakumana sabata ndi sabata, pafupifupi ola limodzi pa nthawi. Sadikira kuti mayeso ayandikire. Kupita ndi kufuna kwa munthu, palibe wokakamizidwa.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, mtsogoleri sabwereza phunziro ndipo sagawa mayankho. Wina akafunsa funso, iye amalibweza kugulu: "Ndani angayese? Manotsi anu akuti chiyani? Tatsegulani buku." Akafunsa funso amadikira, ngakhale chipinda chikhale zii, mpaka wina alankhule. Munthu akati wamva, amamuuza kuti afotokozere mnzake ndi mawu akeake. Pakuti kugwedeza mutu nkosavuta, koma pofotokozera mnzako mpamene umadziwa ngati wamvadi kapena umangodzinamiza. Choko chija adandipatsa mnyamata wa kumpoto chidali chimenechi, ngakhale kuti ine panthawiyo ndinkaona ngati akundizunza.

Ndondomeko imeneyi sidathere ku Kansas City. M'chaka cha 1981 unduna wa zamaphunziro wa dziko la America udaivomereza kuti ndi chitsanzo chabwino. Idafika ku South Africa m'chaka cha 1993, pa yunivesite ya Port Elizabeth, imene lero ili mbali ya Nelson Mandela University. Ku Sweden idayamba pa yunivesite ya Lund m'chaka cha 1994. Ku Britain ndi ku Australia ambiri amaitcha PASS, ndipo yunivesite ya Manchester ndi imodzi mwa zimene zidaiyamba m'zaka za m'ma 1990. M'chaka cha 2014 akatswiri ena adasonkhanitsa kafukufuku amene adachitika kuyambira 2001 mpaka 2010, ndipo adapeza kuti ophunzira opita kumagulu amenewa kawirikawiri amapeza malikisi okwererapo, olephera ndi osiya amachepa, ndipo ambiri amafika pomaliza maphunziro awo.

Koma ndisakunamizeni pa tsiku ngati lino. Ofufuza omwewo amachenjeza kuti popeza kupita ndi kufuna kwa munthu, mwina ena mwa opitawo ndi akhama kale. Ndiponso gulu si mankhwala a ulesi. Amene sadalowe m'kalasi, sadatsegule buku, nabwera kugulu chimanjamanja, adzatuluka chimanjamanja. Gulu silichotsa njala, sililipira fizi, ndipo sililowa m'malo mwa mphunzitsi. Chimene limachita ndi ichi: limaonetsa munthu msanga pomwe wasokera, nthawi yokonza ikadalipo.

Ife a pa madrasa nkhani imeneyi tikadayenera kuimva msanga kuposa ena. Masana ana akadzaza pakhonde paja, ine ndekha sindingamvere aliyense. Ndimatenga amene wapita patsogolo ndikumukhazika ndi ang'ono atatu a Alifu, Baa, Taa. Ndipo ndaona chinthu chimodzi zaka zonsezi: amene amapindula koposa ndi wamkulu uja. Pomvera mng'ono wake, zake zomwe zimakhazikika, ndipo amaphunzira kudekha. Tsono chimene tidachidziwa pamphasa tisachiiwale tikafika pa mipando ya ku yunivesite.

Ndikudziwa kuti makolo muli ndi nkhawa zanu, ndipo ndi zomveka. Wina akuti, "Mwana wanga wamkazi akanena kuti ali kugulu, ndidziwa bwanji kuti ndi gulu la mabuku?" Gulu loona lili ndi zizindikiro zake. Lili ndi phunziro lodziwika, tsiku lodziwika ndi ola lodziwika. Limakumana poyera, m'kalasi, ku laibulale kapena pansi pa mtengo, osati m'chipinda chogona. Mwana wanu akhoza kukuuzani kuti sabata ino takambirana mutu wakuti. Mukamuletsa gulu lotere chifukwa cha mantha, mwamutsekera m'chipinda yekha ndi phunziro limene likumugonjetsa. Ana athu aakazi ambiri adaleredwa kuti asamalankhule pagulu. Kagulu kakang'ono ndi malo abwino oyambira kutsegula pakamwa.

Wina akuti, "Kodi kumeneko si kukoperana?" Ayi. Kukopera ntchito ya mnzako ndi kuipereka ngati yako ndi mlandu waukulu pa yunivesite, ndipo munthu akhoza kuchotsedwa nawo sukulu. M'gulu loona anthu amathandizana kumvetsa njira, kenaka aliyense amakalemba ntchito yake ndi mutu wake. Ndipo inu achinyamata, gulu la pa WhatsApp lotumizirana mayankho si gulu lowerenga. Ngakhale makina a pafoni amene masiku ano amayankha funso lililonse, m'chipinda cha mayeso salowa nanu. Mumalowa ndi chokhacho chimene chidakhazikika m'mutu.

Tsono tichite chiyani? Ndiyambe ndi inu a chaka choyamba, ndi inu amene mukudikira kupita. Sabata yoyamba yomwe, funsani ku dipatimenti yanu kapena ku ofesi yoona za ophunzira ngati pali magulu otere. Ngati alipo, pitani msanga, musadikire pepala lobisa m'sutikesi. Ngati palibe, yambitsani. Sipafunika ndalama. Pezani anzanu asanu kufikira asanu ndi atatu a phunziro limodzi, chifukwa mukachuluka ena amabisala kumbuyo kwa anzawo. Pemphani wa chaka chapamwamba amene adakhoza phunzirolo kuti akutsogolereni, ndipo mudziwitseni mphunzitsi wanu. Gwirizanani tsiku ndi ola, ndipo musalisunthe. Aliyense abwere atawerenga, ndi funso limodzi lomwe lamuvuta. Aliyense agwire choko, ndipo wofunsa asasekedwe. Posankha anzanu musayang'ane kwawo, mtundu kapena kumene amapemphera. Yang'anani ngati ali ndi khama. Amene adandipatsa choko ine sitinkapemphera limodzi, koma popanda iye sindikadaima pano. Safunsa adadya phula, ana anga.

Inu a chaka chachitatu ndi chachinayi, mudawoloka mtsinje ndipo mukudziwa pomwe pali miyala yoterera. Musaime kutsidya nkumaonerera azing'ono anu akukokoloka. Ola limodzi pa sabata silikugwetsani. Mudzapeza kuti phunziro lija mwalimvetsa kachiwiri, mwaphunzira kuyendetsa anthu, ndipo pofunsira ntchito mudzakhala ndi chinthu chooneka choti munene. Koma gwirani lilime lanu. Yankho likakhala pakamwa, limezeni, mufunse funso. Mukawayankhira zonse adzakutamandani lero, koma adzagwa pa mayeso.

Inu makolo anga, mwina mukuti, "Ife sukulu sitidapite nayo patali, za ku yunivesite tingazidziwe bwanji?" Simufunika kudziwa masamu kuti mupulumutse mwana. Mungosintha funso. Mukaimba foni mumafunsa kuti, "Sukulu ikuyenda?" ndipo mwana aliyense amayankha kuti ikuyenda, monga ndidawayankhira mayi anga. M'malo mwake funsani kuti, "Ndi phunziro liti likukuvuta? Umawerenga ndi yani? Mumakumana liti?" Akakuuzani kuti amawerenga yekha nthawi zonse, musasangalale kuti mwana wanga ndi wofatsa, mulimbikitseni apeze anzake. Ndipo akalimba mtima nakuuzani kuti walephera mayeso ena, musamukumbutse za mbuzi imene mudagulitsa. Amaikumbukira usiku uliwonse. Mwana amene akudziwa kuti kunyumba akhoza kunena zoona amapempha thandizo msanga. Amene amaopa amabisa mpaka kalata yomuchotsa itafika.

Pomaliza, pempho langa kwa akomiti. Chipinda cha madrasa chimakhala chopanda anthu m'mawa. Bolodi ilipo, choko chilipo, mabenchi alipo. Pa nthawi ya tchuthi tiyeni tichitsegule kuti ana a dera lino amene ali m'mayunivesite ndi m'makoleji, a pa mzikiti pano ndi a anansi athu omwe, azikumana. Amene apita patsogolo akhale ndi amene angosankhidwa kumene, awauze zimene akakumane nazo, ndipo ayeserere limodzi kayendetsedwe ka gulu asanapite. Makiyi ndidzasunga ndine ngati mungandilole. Amene mukufuna kutsogolera, mundipeze tikatha pano ndilembe maina anu, tisanabalalike kupita ku mpunga.

Mwana akasankhidwa, timasangalala mudzi wonse. Akabwerera panjira, amalira yekha m'chipinda. Tiyeni tisadikire tsiku limenelo. Lero lomwe, mbale zikachotsedwa, khalani naye pansi mwana wanu mumufunse: kodi umawerenga ndi yani?

Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.